Ganyu m'munda wa nkhondo

Nthawi ili cha m'ma 5 koloko m'mawa. Nkhungu yakuta nkhalango ya Kaning'ina, ndipo kamvula kowaza kamene anthu a ku Mzuzu anasiya kukawerengera kakugwa pang'onopang'ono.

Pakhomo pa ofesi ya Immigration mzere wayamba kale.

Ena avala majekete a pa kaunjika, ena adzikulunga zitenje mpaka kumutu. Mayi wina wakhazika beseni la mandasi ndi fulasiki ya tiyi m'mbali mwa msewu, ndipo malonda akuyenda. Anyamata a njinga za Sacramento akutsitsa anthu, kulandira yawo, n'kupalasa kubwerera ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa kukatenga ena.

Pafupifupi aliyense pamzerepo ali ndi enivelopu ya khaki. Waibisa m'kati mwa jekete. Munthu anyowe, mapepala ayi.

Zaka za m'mbuyomu, ukafunsa mnyamata wa pamzere wotere kuti ulendo ndi wakuti, yankho linali lodziwikiratu: ku Joni. Njira imeneyo anailambula kalekale agogo awo a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay, nthawi ya Wenela ndi Theba. Koma kuyambira kumapeto kwa 2023, pamizere yotere pakutchulidwanso dziko lina.

Israel.

Dziko limene ambiri analimva koyamba ku Sande sukulu. Dziko limene achinyamata athu anayamba kulikhamukira nkhondo ili m'kati.

Pa 25 Novembala 2023, ndege inanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe itanyamula achinyamata 221 kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Panali patangotha masabata awiri ndi masiku ochepa kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Shuga, sopo, feteleza ndi mafuta ophikira zinali zitakwera usiku umodzi. Malipoti ankati kumeneko munthu azilandira madola pafupifupi 1,500 pamwezi.

Werengerani nokha ndalama imeneyo m'makwacha, kenako muiyerekeze ndi zimene amapeza mnyamata wa digiri ya ku Mzuni amene akugulitsa ma unitsi pansi pa ambulera pafupi ndi depoti.

Boma la a Lazarus Chakwera linati ntchitoyi ichepetsa ulova ndipo ndalama zimene anyamatawo azitumiza zithandiza pa vuto la kusowa kwa ndalama zakunja. Linatsimikiza kuti sakaikidwa m'madera a nkhondo ndiponso sakalowa usilikali. Amene anali mtsogoleri wa zipani zotsutsa ku nyumba ya malamulo, a Kondwani Nankhumwa, anadzudzula kolimba. Anafunsa chifukwa chake nkhaniyo inayendetsedwa mobisa, makamaka poti masiku omwewo kunamveka zoti Israel walonjeza Malawi thandizo la madola 60 miliyoni.

Pa depoti ndi pamsika wa Zigwagwa mtsutso umenewu sunatenge nthawi. Maganizo a achinyamata ambiri anali amodzi: bomba likhoza kukuphonya, koma njala ya kuno siphonya. Fodya ndi amene ali pamphuno.

Funso limene silinafunsidwe mokwanira ndi lina.

Ntchito imeneyi inali ya yani ife tisanafike?

Yankho lake likuyambira m'mawa wa Loweruka, pa 7 Okutobala 2023. Zigawenga za gulu la Hamas zinagumula mpanda wa Gaza n'kulowa m'midzi ya kum'mwera kwa Israel, m'misasa ya asilikali ndi pabwalo pamene achinyamata ankavina usiku wonse. Anthu pafupifupi 1,200 anaphedwa, ambiri mwa iwo anthu wamba. Ena pafupifupi 250 anatengedwa kupita nawo ku Gaza ngati chikole.

Midzi yambiri imene inathiridwa nkhondo inali ya alimi. M'makola ndi m'minda yake munkagwira ntchito alendo, makamaka ochokera ku Thailand, amene analipo pafupifupi 30,000 m'dziko lonselo. Oposa 30 anaphedwa tsiku limenelo, enanso anagwidwa. Zikwizikwi anapakira zikwama n'kubwerera kwawo.

Nthawi yomweyo boma la Israel linaimitsa zitupa zogwirira ntchito za Apalestina. Oposa 100,000 a ku West Bank ndi ena pafupifupi 18,000 a ku Gaza, amene ankalawirira kudutsa pazipata kukamanga nyumba ndi kukakolola mbewu, anauzidwa kuti akhale kunyumba.

Mapeyala anapsera mumtengo. Tomato anawolera m'mashedi a pulasitiki. Ng'ombe zinasowa wozikama.

Apa m'pamene Israel anatembenukira ku India, ku Sri Lanka, ku Kenya ndi ku Malawi.

Choncho mnyamata wa ku Zolozolo amene akuthyola tsabola m'chipululu lero waima pamene panaima munthu wina. Mwina wa ku Thailand amene anathawa. Mwina bambo wa ku Hebron, ku West Bank, amene ana ake akugona ndi njala chifukwa chitupa chake chinaimitsidwa. Mnyamatayo alibe mlandu, wangotola ganyu. Koma ganyuyo wabadwa ndi nkhondo, ndipo tisamanamizane kuti ife ndife ongoonerera.

Pamsika wa Taifa, pamene Chiswahili chimamveka pakati pa milu ya zitenje ndi nsapato zochokera ku Dar es Salaam, pali mayina awiri amene ayenera kudziwika.

Clemence Felix Mtenga, wa zaka 22, ndi Joshua Loitu Mollel, wa zaka 21, anali ophunzira za ulimi ochokera ku Tanzania. Anafika ku Israel mu Sepitembala 2023 kukaphunzira ntchito. Sanathe ngakhale mwezi. Mtenga anali ku Nir Oz, Mollel ku Nahal Oz, midzi yoyang'anizana ndi mpanda wa Gaza. Onse awiri anaphedwa. Thupi la Mtenga linapezeka mu Novembala chaka chomwecho. La Mollel linatengedwa kupita ku Gaza ndipo linabwezedwa mu Novembala 2025, patapita zaka ziwiri bambo ake akudikira kuti aike mwana wawo.

Sanali Ayuda. Sanali Apalestina. Anali ana a anansi athu a kutsidya kwa Songwe, opita kukaphunzira kuweta ng'ombe ndi kuthirira mbewu.

Ndipo ngozi sinathere kum'mwera. Pa 31 Okutobala 2024, mizinga ya gulu la Hezbollah yochokera ku Lebanon inagwera m'munda wa zipatso pafupi ndi Metula, kumpoto, n'kupha anthu anayi a ku Thailand pamodzi ndi mlimi wa ku Israel. Mu Juni 2025, Israel ndi Iran anaponyerana mizinga kwa masiku 12. Kholo la ku Masasa kapena ku Chiputula limene lili ndi mwana kumeneko limadziwa kuwawa kwa uthenga wa pa WhatsApp umene wapita koma sukuonetsa kuti wafika.

Si onse anapeza zimene anayembekezera. Ena anadandaula kuti malipiro ndi ochepa poyerekeza ndi zimene analonjezedwa, ndipo anathawa m'minda kukasaka maganyu m'tauni. Mu Meyi 2024, Amalawi 12 anabwezedwa kumudzi atagwidwa akugwira ntchito pamalo ophikira buledi, zitupa zawo zili za kumunda. Enanso, kunena zoona, zawayendera. Agula mapuloti, akhoma malata, alipirira azing'ono awo fizi. Nyumba imodzi yotere ikaoneka m'dera, mzere wa maenivelopu umatalika.

Nanga kumene mabomba ankagwa n'kotani?

Gaza ndi kachigawo ka m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kotalika makilomita 41, ndipo pamene patambalala kwambiri ndi makilomita 12 okha. Msewu wochoka ku Mzuzu kutsetsereka kukafika pa Nkhata Bay boma ndi wautali kuposa Gaza yense. Tsono tengani anthu onse a chigawo chakumpoto, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Jenda, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti analipo pafupifupi 2.3 miliyoni. Aunjikeni m'mbali mwa msewu umenewo, mangani mpanda, tsekani nyanja. Gaza ndi ameneyo.

M'kachigawo kameneka Israel anaponyamo mabomba kwa zaka ziwiri, ponena kuti akufuna kuthetseratu Hamas ndi kupulumutsa anthu ake ogwidwa. Israel amati Hamas imabisala pakati pa anthu wamba ndi m'ngalande zapansi panthaka. Unduna wa zaumoyo ku Gaza, umene uli pansi pa ulamuliro wa Hamas koma ziwerengero zake mabungwe a United Nations amazigwiritsa ntchito, unati pofika Okutobala 2025 anthu oposa 67,000 anali ataphedwa. Ana okha ndi zikwi zambiri.

Anthu asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse anathawa m'nyumba zawo, ambiri kangapo konse. Zipatala, masukulu ndi mayunivesite zinasanduka mabwinja. Mu Ogasiti 2025, akatswiri oyeza za njala amene United Nations imawadalira analengeza kuti mumzinda wa Gaza mwagwa njala yakupha. Israel anatsutsa lipotilo.

Njala imeneyo sinabwere ndi ng'amba. Chakudya chinalipo, m'malole, kuseri kwa zipata.

Anthu ambiri kuno amati nkhondoyi ndi ya Isake ndi Ismayeli, inayamba m'Genesis ndipo idzatha tsiku lachiweruzo. Mawu amenewa amamveka ozama, koma amatipumitsa kuganiza. Mkangano umene tikuuona lero uli ndi zaka zowerengeka, ndipo mutu wake ndi malo.

Mu 1917, Britain, mtsamunda yemwe ankatilamulira ife, analonjeza Ayuda mudzi wawo ku Palestine, dziko limene anthu ambiri okhalamo panthawiyo anali Aluya. Ayuda anali atazunzidwa kwa zaka mazanamazana ku Ulaya, ndipo pankhondo yachiwiri ya dziko lonse chipani cha Nazi chinapha okwana 6 miliyoni. Opulumuka ankafuna malo amene wina sadzawathamangitsanso, ndipo dziko la makolo awo akale linali limenelo. Aluya nawo ankafunsa chifukwa chake iwo ndi amene alipire mlandu wopalamulidwa ku Germany.

Mu Novembala 1947, chaka chimene Mzuzu ankangoyamba kumera ngati kamudzi ka antchito a esiteti ya mitengo ya tung, United Nations inavota kuti dzikolo ligawidwe pawiri. Atsogoleri a Ayuda anavomera, a Aluya anakana. Pa 14 Meyi 1948 dziko la Israel linakhazikitsidwa, ndipo mayiko oyandikana nalo analithira nkhondo. Pomwe nkhondoyo inkatha, Apalestina pafupifupi 700,000 anali atathawa kapena kuthamangitsidwa, ndipo sanaloledwe kubwerera. Anthu ambiri a ku Gaza lero ndi ana ndi zidzukulu za othawa amenewo. Mabanja ena akusungabe makiyi a nyumba zimene zinagwa kalekale.

Mu 1967, pankhondo ya masiku asanu ndi limodzi, Israel analanda West Bank, kum'mawa kwa Jerusalem ndi Gaza. Kuyambira pamenepo Apalestina mamiliyoni akhala pansi pa ulamuliro wa asilikali a dziko limene sali nzika zake.

Lamulungu m'mawa Mzuzu amasanduka kwaya. Ku St Andrew's, ku Katawa, ku St Peter's Cathedral, ndi m'makalasi a sukulu amene mipingo ya chipentekoste imachita lendi, mayina a Jerusalem, Bethlehem ndi Nazareth amatchulidwa ngati midzi ya kwathu. M'mapemphero ena a usiku mbendera yoyera ndi yabuluu ya Israel imapachikidwa pafupi ndi guwa. Kwa Akhristu ambiri, kuima ndi Israel ndi nkhani ya madalitso, ndipo kumutsutsa ndi kudziitanira tsoka.

Lachisanu masana, m'mizikiti ya mumzinda womwewu, anthu amapempherera Gaza ndi mzikiti wa Al-Aqsa wa ku Jerusalem.

Tikaima patali tingaganize kuti ndi nkhondo ya mtanda ndi mwezi. Koma Bethlehem ali ku West Bank, kuseri kwa khoma la konkire, ndipo Akhristu a kumeneko ndi Apalestina. Ku Gaza kuli tchalitchi cha St Porphyrius, chimodzi mwa zakale kwambiri padziko lonse. Pa 19 Okutobala 2023 bomba la Israel linagwera pamalo ake n'kupha anthu 18 amene anathawirako. Kulinso parishi ya Katolika ya Holy Family, imene malemu Papa Francis ankaiimbira foni pafupifupi madzulo aliwonse mpaka atatsala pang'ono kumwalira mu Epulo 2025. Mu Julayi chaka chomwecho chipolopolo cha Israel chinagunda tchalitchicho, anthu atatu anafa, ndipo bambo mfumu Gabriel Romanelli anavulala mwendo.

Amene amaimba nawo misa ku St Peter's ndi abale a anthu amenewo mu ubatizo. Ulaliki wathu suwatchula kawirikawiri.

Komanso ku Israel komweko, nzika imodzi mwa zisanu ndi Mluya. Ndipo ena mwa otsutsa nduna yaikulu Benjamin Netanyahu mwaukali ndi Ayuda, amene kwa miyezi yambiri ankadzaza misewu ya Tel Aviv kumukakamiza kuti aleke nkhondo, abale awo ogwidwa abwerere.

Mzuzu ayenera kusamala ndi nkhani zimene zimagawa tchalitchi ndi mzikiti, chifukwa moto umenewu unayakapo kuno. Mu Juni 1999, zotsatira za chisankho zitalengezedwa kuti a Bakili Muluzi apambananso, magulu okwiya anatentha mizikiti m'chigawo chakumpoto ndi kuthamangitsa anthu ochokera kum'mwera. Anthu amene dzulo lake ankagulitsana tomato anasanduka adani chifukwa cha dzina ndi kapewa ka kumutu. Zinatengera atsogoleri a zipembedzo zonse kukhala pansi kuti mitima izizire.

Ubale wa Malawi ndi Israel sunayambe ndi ndege ya 2023. Unayamba ndi ufulu womwe, mu 1964, ndipo a Kamuzu Banda anakacheza kumeneko mu 1968. Mu 1973, pamene mayiko pafupifupi onse a mu Africa anadula ubale ndi Israel chifukwa cha nkhondo ya chaka chimenecho, Malawi anakhala m'kagulu kochepa, pamodzi ndi Lesotho ndi Swaziland, kamene kanakana kutero.

Alangizi a ku Israel ndi amenenso anathandiza kuphunzitsa a Malawi Young Pioneers m'zaka zawo zoyambirira, potengera magulu a achinyamata a kwawo amene ankaphatikiza khasu ndi pelete. Zimene apayoniya anadzasanduka pambuyo pake, zikwapu ndi makhadi a chipani pazipata za misika, ndi mlandu wa ndale zathu, osati wa aphunzitsiwo. Koma n'zochititsa chidwi kuti mapeto awo anayambira mumzinda uno. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, apayoniya anawombera ndi kupha asilikali a ku Moyale atakangana pamalo omwera. Patangopita masiku ochepa, asilikali anayamba Operation Bwezani, ndipo gulu la zaka 30 linabalalika, ena mpaka kuthawira ku Mozambique.

Mu 1998, nthawi ya a Muluzi, Malawi anavomereza kuti Palestine ndi dziko. Pepala limenelo silinang'ambidwe. Koma mapazi a boma akhala akulowera kwina.

Mu 2020 a Chakwera analonjeza kutsegula ofesi ya kazembe ku Jerusalem, mzinda umene mbali zonse ziwiri zimati ndi likulu lawo ndipo mayiko ambiri amapewa kuikako akazembe. Ofesiyo inadzatsegulidwa mu Epulo 2024, koma ku Tel Aviv. Nduna ya zakunja ya nthawiyo, a Nancy Tembo, inali komweko, ndipo maboma awiriwa anasainirana pangano la antchito a kumunda okwana 3,000.

Miyezi inayi m'mbuyo mwake, South Africa, mnzathu mu SADC, anali atasumira Israel ku khoti la ICJ ku The Hague pa mlandu wofuna kupulula mtundu, mlandu umene Israel amaukana kwamtuwagalu. Mu Julayi 2024 khoti lomwelo linapereka maganizo ake pa nkhani ina, kuti kukhalabe kwa Israel m'malo amene analanda mu 1967 n'kosemphana ndi malamulo. Pa 18 Sepitembala 2024, msonkhano waukulu wa United Nations unavota kuti Israel achokemo. Mayiko 124 anavomera, 43 sanavote mbali iliyonse, 14 anakana.

Mwa 14 amenewo, la mu Africa linali limodzi lokha.

Malawi.

Boma lili ndi ufulu wosankha abwenzi, ndipo dziko losauka silisankha momasuka ngati lolemera. Koma voti imeneyo inaponyedwa m'dzina la mayi wa mandasi, la shehe wa ku Chibanja ndi la mbusa wa ku Luwinga. Ndi angati mwa iwo anamva kuti inaponyedwa, ndiponso chifukwa chake? Nkhani zakunja kuno timazisiyira akuluakulu ngati sizitikhudza, chikhalirecho ana athu ali komweko.

Tsono mtendere, ulipo?

Unayandikirapo. Pa 13 Sepitembala 1993, Yitzhak Rabin wa Israel ndi Yasser Arafat wa Apalestina anagwirana chanza ku White House, Bill Clinton ataima pakati pawo. Pangano la Oslo linapatsa Apalestina kaboma kawo ndi chiyembekezo choti pakatha zaka zisanu nkhani zikuluzikulu zidzakhala zitatha: malire, Jerusalem, othawa kwawo, ndi midzi ya Ayuda yomangidwa m'malo olandidwa.

Palibe ngakhale imodzi imene inatha.

Hamas inayamba kuphulitsa mabomba m'mabasi. Pa 4 Novembala 1995, Rabin anawomberedwa ndi Myuda mnzake, Yigal Amir, amene ankati mtsogoleriyo akugulitsa dziko. Zokambirana za ku Camp David mu 2000 zinalephereka, ndipo kunabuka zipolowe za zaka zisanu zimene zinapha anthu zikwi zingapo. Mu 2005 Israel anachotsa asilikali ndi anthu ake ku Gaza. Mu 2006 Hamas inapambana chisankho, mu 2007 inalanda Gaza ndi mfuti, ndipo Israel ndi Egypt anatseka zipata.

Kuchokera pamenepo, mbali iliyonse ili ndi umboni wake. Mwisraeli amati tinachoka ku Gaza, tinalandira mizinga, ndiye tichokerenji ku West Bank? Mpalestina amati tinasaina pangano, tinalandira midzi ina yatsopano pamapiri athu, ndiye tisainirenji lina? Onse awiri sakunama, ndipo apa m'pamene pagona vuto.

Pa 10 Okutobala 2025 mfuti zinayamba kukhala chete, potsatira mfundo 20 za Donald Trump zimene Egypt, Qatar ndi Turkey anathandiza kukankha. Pa 13 Okutobala anthu 20 omaliza amene anali moyo m'manja mwa Hamas anamasulidwa, ndipo Israel anatulutsa Apalestina pafupifupi 2,000 m'ndende. Pa 17 Novembala nthambi ya chitetezo ya United Nations inavomereza dongosololi, kuphatikizapo gulu la asilikali a mayiko ena oti akakhazikitse bata.

Kumeneko ndi kuleka kuwomberana. Mtendere ndi chinthu china.

M'masabata otsatira, asilikali a Israel anatsalabe m'dera loposa theka la Gaza, ndipo anthu anapitiriza kufa, mbali iliyonse ikuloza chala inzake. Mfundo zolimba zinakankhidwira kutsogolo. Hamas itula zida kwa yani? Gaza alamulira ndani? Ndalama zomangiranso, zimene United Nations inayerekeza kuti ndi madola 70 biliyoni, atulutsa ndani?

Mu Sepitembala 2025 Britain, France, Canada ndi Australia anavomereza kuti Palestine ndi dziko, kufikitsa chiwerengero cha mayiko otero kupitirira 150. Netanyahu anayankha kuti dziko limenelo silidzakhalapo. Nyumba ya malamulo ya Israel inali itavota kale kukana zimenezo mu Julayi 2024. Ku West Bank ndi kum'mawa kwa Jerusalem tsopano kukukhala Aisraeli oposa 700,000, ndipo mu Ogasiti 2025 boma linavomereza kumanga nyumba zina zikwi zingapo pamalo otchedwa E1, amene akamangidwa adzadula West Bank pafupifupi pakati. Nduna Bezalel Smotrich sinabise kuti cholinga chake ndi kukwirira maganizo a dziko la Palestine.

Kumbali ya Apalestina nako kulibe mtsogoleri woti n'kusaina pangano anthu n'kumumvera. Mahmoud Abbas anasankhidwa mu 2005 kuti alamulire zaka zinayi. Anabadwa mu 1935, ndipo patha zaka zoposa 20 chisankho china cha mtsogoleri osachitika. Munthu amene Apalestina ambiri amamukhulupirira, Marwan Barghouti, ali m'ndende ya Israel kuyambira 2002 ndipo anagamulidwa kukhalamo moyo wake wonse pa milandu yakupha. Israel anakana kumuika pa mndandanda wa omasulidwa.

Kunena mosapsatira, amene akulonjeza mtendere wokhazikika posachedwa akugulitsa mbuzi ili m'thumba.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene zimandiletsa kutseka bukuli.

Choyamba ndi masamu. Pakati pa mtsinje wa Jordan ndi nyanja pali Ayuda opitirira pang'ono 7 miliyoni ndi Apalestina pafupifupi chiwerengero chomwecho. Palibe amene ali ndi kwina kopita. Egypt, amene anamenyana ndi Israel nkhondo zingapo, anasaina mtendere mu 1979, Jordan mu 1994, ndipo mapangano onse awiri apirira ngakhale zaka ziwiri zoopsazi.

Chachiwiri ndi anthu. Vivian Silver, mayi wa zaka 74, ankakhala ku Be'eri, mudzi wa ku Israel wa pafupi ndi Gaza, ndipo ankatenga odwala a ku Gaza pachipata n'kupita nawo pa galimoto yake ku zipatala za ku Israel. Anaphedwa m'nyumba mwake pa 7 Okutobala. Mwana wake, Yonatan Zeigen, sanapemphe kubwezera. Anasiya ntchito yake n'kuyamba kulimbikitsa zokambirana. Palinso bungwe la Parents Circle, la mabanja mazanamazana a mbali zonse ziwiri amene anaika ana awo m'manda chifukwa cha nkhondoyi, ndipo amayenda awiriawiri, Mwisraeli ndi Mpalestina, kukalankhula ndi achinyamata. Ndi ochepa, ndipo kwawo ena amawatcha ogulitsa mtundu. Koma alipo.

Kwa ife kuno, mtendere umenewo uli ndi mbali ina imene sitikonda kuitchula. Tsiku limene zipata zidzatsegulidwe ndipo bambo wa ku Hebron uja adzabwezeredwe chitupa chake, mlimi wa ku Israel sadzafunikanso kulipirira munthu ndege kuchokera ku Lilongwe. Zipata zikakhalabe zotseka, ganyu wathu apitirira, koma m'munda umene mizinga ikhoza kugwa tsiku lililonse. Dziko limene likuika chiyembekezo cha achinyamata ake pa ntchito yotere liyenera kudziwa chimene likupempherera.

Boma linasintha mu 2025, a Peter Mutharika atapambana chisankho cha pa 16 Sepitembala, koma anyamata ali m'minda sanasinthe. Aphungu a mumzinda wa Mzuzu ali ndi mafunso oti akafunse ku nyumba ya malamulo, ndipo si ovuta. Amalawi ali ku Israel ndi angati, ndipo ali m'minda iti? Pa malipiro awo akudulidwa zingati, ndipo zikupita kwa yani? Sayirini ikalira, pafupi ndi pamene amagona pali chipinda chobisalamo? Nkhondo ikabukanso, ndege yowatenga alipira ndani? Ndipo kazembe wathu ku New York akadzakwezanso dzanja pa nkhani ya Palestine, anthu a ku Katoto adzamve nkhaniyo kuchokera ku boma lawo, asanaione pa Facebook.